Minga ya M'chipinda Chochezera

Tidayamba ndi kukanganula kapeti
yomwe bambo adayala chaka chomwe ndidalemba Sitandade 8.
Idadzuka ndi fumbi la zaka makumi atatu,
mphemvu ziwiri, batani la yunifolomu,
ndi fungo la nyumba yomwe idatsekedwa maliro atangotha.

Pansi pake, timatabwa.
Tating'ono ngati sopo wochapira,
tondondozana mopendekeka
ngati minga ya chambo chodyedwa ndi munthu waulemu.

Dailesi, mng'ono wanga, adati,
"Zulani tonse, tiikemo matailosi.
Kutentha kwa Mangochi kuno, ndani afunanso nkhuni pansi?"
Sindidamuyankhe.
Ndidakwera kabaza mpaka kwa Mpondasi
kukafunsa komwe amakhala Che Mkwanda.

Adafika ndi chikwama chong'ambika zipi,
navula nsapato pakhomo ngati akulowa mumzikiti,
nagwada, nagogoda thabwa lililonse ndi mfundo ya chala.
Ili lili moyo.
Ili likunama.
Ili chiswe chidalidya m'kati, chidangosiya nkhope.
"Mlombwa uwu, mayi. Sufa msanga.
Umangokwiya ukauphimba."

Tidazula makumi asanu ndi awiri,
lililonse nambala ya choko kumsana
kuti lidzabwerere pomwe lidakalambira.
Phula la pansi, dzuwa la Okutobala litalifewetsa,
lidatilowa m'zikhadabo, lidatimata m'mawondo.
Usiku ndinkalipala pakhonde ndi mpeni wopanda chigwiriro,
udzudzu ukutolera msonkho m'akakolo.

Lachinayi Che Mkwanda adatembenuza thabwa lina
nasiya kuyimba mluzu.
Kumsana kwake, pansi pa phula, pensulo.
"Seveni wamchira wokhota uyu ndi wa bambo anga.
Ndinkawanyamulira chidebe, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Adandimenyera pakona apo nditataya misomali."
Thabwalo lidakhala m'thumba la malaya awo
mpaka adabwera kopemphera,
kenako adalibwezera m'malo mwake osanena kanthu.

Makina opalira tidabwereka ku Zomba.
Adabangula theka la ola, magetsi n'kuthima.
Tidatsala ndi manja ndi sandipepa,
wokhakhala poyamba, wosalala pambuyo,
fumbi lofiira m'nsidze, m'mphuno, mu tiyi.
Matabwa adayamba kukumbukira mtundu wawo:
ena uchi, ena magazi ouma,
ena dothi la Namwera mvula itangokhudza.

Mabala ambiri adachoka mosakangana.
Maenje anayi a mpando wa bambo,
njira yomwe makina osokera ankakokedwa kutsata kuwala,
inki, parafini, zidendene za alendo.
Koma pafupi ndi zenera padatsala chipsera chakuda,
chosongoka kutsogolo ngati bwato.

Nsimbi ya makala imeneyo.
Ndidaisiya pansi ndili Fomu 1,
nditamva mnyamata wina akuliza belu la njinga kuseri kwa mpanda.
Bambo atafunsa, mayi adati, "Ndine,"
n'kupitiriza kusankha nyemba.

"Ndingalitembenuze," adatero Che Mkwanda,
"chipseracho chiziyang'ana pansi."
Ndidapita kukhitchini, ndidamwa madzi, ndidabwerera.
Ndidati, "Chisiyeni.
Ndi pokhapo pomwe mayi adasainira nyumba ino."

Vanishi katatu, mazenera otseka,
masiku awiri osaponda.
Nyerere imodzi sidamve lamulo;
ilipo mpaka lero, pakati pa ulendo wake, ikunyezimira.

Dailesi adabwera Lamulungu ndi ana ake.
Adaima pakhomo nthawi yaitali,
kenako adavula nsapato, palibe adamuuza.
Atangoponda kachiwiri
thabwa la pafupi ndi chitseko lidalira, kwii,
lomwe lija linkatinenera kwa bambo tikachedwa kobwera.

"Ili mudaliiwala," adatero.

Che Mkwanda, akupukuta burashi panja,
adangoti, "Ayi, ndidalimva."